Thukuta la kuseri: mmene akatswiri a mpira wa ku America amasulidwira

M'chaka cha 1985 ochemerera mpira a ku San Francisco ankamukuwiza Jerry Rice. Timu yawo, 49ers, inali itangotenga chikho cha Super Bowl mu Januwale chaka chomwecho, ndipo mphunzitsi wake, Bill Walsh, anachita kusinthana malo ndi timu ya New England pa tsiku losankha osewera atsopano kuti apeze mnyamata ameneyu, wochokera ku koleji yaing'ono ya Mississippi Valley State, yomwe anthu ambiri anali asanaimvepo n'komwe. Ntchito yomwe anamulembera inali imodzi basi, kuwakha mpira. Koma m'miyezi yoyamba mpirawo unkangomupulumuka m'manja, ngakhale wobwera bwinobwino pachifuwa, ndipo anthu anayamba kunena kuti Walsh wagula mphaka m'thumba.

Patapita zaka 20, Rice anasiya masewera atawakha mipira 1,549, atayenda nayo mayadi 22,895, atagoletsa zigoli 208. Womutsatira pa mayadi, Larry Fitzgerald, anatsalira ndi mayadi oposa 5,000. Mpaka lero palibe wamuyandikira. Zomwe zinachitika pakati pa chaka chokuwizidwacho ndi manambala amenewa ndizo zimakambidwa kwambiri ku America anthu akamatsutsana ngati katswiri amachita kubadwa kapena amachita kudzisula yekha.

Kwa amene sanawaonerepo, masewerawa amayenda chonchi. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11 pa bwalo lotalika mayadi 100, ndipo mpira wake si wobulungira; ndi wautali, wosongoka uku ndi uku. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo, kaya pothamanga nawo kaya pouponya. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi. Kuufikitsa kumapeto kwa bwalo ndiko chigoli chachikulu, touchdown, cha mapointi 6. Wonyamula mpira akangogwetsedwa masewera amaima; osewera amaunjikana, kunong'onezana pulani yotsatira, kufola, n'kuyambanso. Kulimbana kulikonse kumatha m'masekondi owerengeka.

Pa wotchi gemu ndi ya mphindi 60, ndipo woonerera amakhala pampando maola atatu. Koma mu 2010 nyuzipepala ya Wall Street Journal inawerenga nthawi yomwe mpira umakhala ukuyendadi, ndipo inapeza kuti ndi mphindi pafupifupi 11 zokha pa gemu yonse. Ligi yaikulu ya NFL ili ndi magemu 17 pa chaka, ndipo nthawi ya Rice anali 16. Iye anasewera magemu a ligi 303. Mukachulukitsa ndi mphindi 11 mupeza maola osafika 60 pa zaka 20, ndipo theka la maolawo anali pa benchi, poti timu ikakhala ikutchinga amalowa anthu ena. Mwana wa mpira wamiyendo akhoza kukula luso pongosewera tsiku ndi tsiku mpaka mdima. Mu mpira wa ku America njira imeneyo kulibe. Gemu ndi yochepa kwambiri, komanso yopweteka kwambiri, moti munthu sangaphunziriremo. Zonse zimene amaonetsa Lamlungu amakhala atazipeza kwina.

Njerwa, phiri ndi mpira wa wamanzere

Rice anakulira ku Crawford, kamudzi ka m'chigawo cha Mississippi. Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba, ndipo patchuthi ana awo ankawathandiza. Jerry ankaima pamwamba pa nsanja, abale ake n'kumamuponyera njerwa kuchokera pansi, iye n'kumawakha dzuwa likuswa mtengo. Atolankhani amaikonda nkhaniyi ndipo amati manja ake anaumbidwira pamenepo. Ine ndikuona kuti njerwazo zinamupatsa china, osati luso la mpira. Njerwa siuluka ikuzungulira, sibwera kuchokera kumbuyo kwa phewa munthu ali pa liwiro, ndipo woiwakha sayembekezera kugundidwa. Zikanakhala kuti njerwa zinamaliza ntchito, sakanagwetsa mipira yonse ija mu 1985. Chimene anachoka nacho pa nsanja ndi thupi ndi mtima wozolowera kugwira ntchito imodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda womuombera m'manja.

Mtima umenewo anautengera ku San Francisco. Anzake amasimba kuti pa pulakatisi, wina aliyense akawakha mpira ankathamanga pang'ono n'kubwerera, koma Rice ankathamanga nawo mpaka kumapeto kwa bwalo, ulendo uliwonse, ngakhale palibe womuthamangitsa. Chakumapeto kwa chaka choyambacho zinthu zinayamba kusintha: mu Disembala, polimbana ndi Los Angeles Rams, anawakha mipira 10 n'kuyenda nayo mayadi 241. Mu 1987, chaka chomwe ligi inasokonekera ndi sitiraka ya osewera, anagoletsa zigoli zowakha 22 m'magemu 12 okha.

Ligi ikatseka, pamene ena ankapita kokapuma, iye ankayamba ndondomeko ya masiku asanu ndi limodzi pa sabata: m'mawa kuthamanga, masana kunyamula zitsulo. Mnzake wa pa timu, Roger Craig, anamuonetsa kanjira kokwera phiri m'nkhalango ya Edgewood, kummwera kwa San Francisco, ka makilomita pafupifupi 4, komwe chigawo chomaliza ndi chikweza chokhachokha. Rice ankalithamanga phirilo akudziwerengera nthawi. Osewera ena a mu NFL ankabwera kudzayesa nawo, ndipo ambiri ankalephera kufika pamwamba akuthamanga.

Apa m'pofunika kuonetsetsa bwino, chifukwa ambiri amangomva za kuvutikako n'kuphonya nzeru yake. Rice sanali m'gulu la othamanga kwambiri mu ligi, ndipo ankadziwa. Sanataye zaka akufuna kusanduka mphepo. Anasankha zinthu zimene wowakha mpira amapambanira ngakhale womulondera ali ndi liwiro lomuposa: kukhota mwadzidzidzi osachepetsa liwiro, kufika pamalo enieni pa nthawi yeniyeni, ndi kukhala ndi mpweya m'chigawo chomaliza cha gemu, pamene miyendo ya womulondera yayamba kulemera. Phiri lija linali la chigawo chomalizacho. Ola lililonse linali ndi funso lomwe linkayankha.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha nthawi yomwe Steve Young analowa m'malo mwa Joe Montana ngati woponya wa timuyi, amene amatchedwa quarterback. Montana ankaponya ndi dzanja lamanja. Young ndi wamanzere. Mpira woponyedwa ndi wamanzere umazungulira mobwerera kwina, umapatuka mosiyana ukamatsika, ndipo umagwera m'zala mwachilendo. Rice anali kale katswiri wodziwika dziko lonse, koma anapeza wantchito wina wosamala zipangizo za timu yemwe anali wamanzere, n'kumamupempha kuti azimuponyera mipira pambali, mobwerezabwereza, mpaka manja anazolowera. Iye ndi Young anadzagoletsa limodzi zigoli 85.

Kuponyera munthu pomwe sanafike

Chifukwa chenicheni chimene masewerawa amadyera maola chili m'kaponyedwe. Tiyerekeze pulani imodzi wamba. Woponya walandira mpira, akubwerera m'mbuyo masitepe asanu. Patsogolo pake amuna olemera makilogalamu oposa 130 akukankhana, ndipo ali ndi masekondi osakwana atatu asanamugwere. Wowakha wathamanga molunjika mayadi 12, waponda mwamphamvu ndi phazi limodzi, watembenukira kunja. Koma mpira sudikira kuti atembenuke. Umachoka m'manja mwa woponya wowakhayo akadali chofulatira, kulunjika pa udzu pomwe palibe munthu. Akatembenuka pa mayadi 11 kapena 13, mpira ugwera pansi, mwinanso m'manja mwa mdani. Walsh anamanga kasewero kake konse pa mfundo imeneyi: masitepe atatu, asanu kapena asanu ndi awiri a woponya ankalumikizidwa ndi masitepe a wowakha. Kugwirizana kotere sikukambidwa pakamwa n'kutheka. Anthu awiri amayenera kukubwereza mpaka matupi awo atagwirizana okha.

Anayamba kuzitenga mozama chonchi ndi Raymond Berry wa Baltimore Colts, m'zaka za m'ma 1950. Berry anasankhidwa mu raundi ya 20 mu 1954, kutanthauza kuti palibe ankamuyembekezera. Analibe liwiro, ndipo maso ake ankafuna magalasi. Pulakatisi ikatha ankatsalira ndi woponya wachinyamata, Johnny Unitas, yemwenso timu ya Pittsburgh inali itamutaya, n'kumabwereza njira zawo mpaka kuda. Berry ankapempha dala kuti azimuponyera mipira yoipa, yotsika kwambiri, yokwera kwambiri, yakumbuyo, poti wabwino aliyense angauwakhe. Pa fainolo ya NFL ya 1958, polimbana ndi New York Giants, anawakha mipira 12 ya mayadi 178, ndipo itatu yotsatizana inabwera m'mphindi zomaliza pamene Colts inkafunafuna zofananitsa mapointi. Patapita zaka makumi anayi, Peyton Manning ndi Marvin Harrison a Indianapolis ankachita zomwezo: gemu iliyonse isanayambe ankatuluka awiriwiri bwalo likadali lopanda anthu n'kudutsa njira zawo imodzi ndi imodzi. Anagoletsa limodzi zigoli 112 m'magemu a ligi, zomwe palibe awiri ena azifikapo.

Si awiri okha ayi. Timu yonse imaphunzira motero. Vince Lombardi, yemwe anatenga zikho zisanu ndi Green Bay Packers m'zaka za m'ma 1960, ankadalira pulani imodzi yothamanga ndi mpira chakumphepete, yomwe adani onse ankaidziwa koma osaitha kuitchinga. John Madden, akadali mphunzitsi wamng'ono wa pakoleji, anapita ku maphunziro ena komwe Lombardi anafotokoza pulani imodzi yomweyo kwa maola asanu ndi atatu: phazi la uyu liponde pati, uyo ayang'ane ndani, mdani akasuntha chonchi tichite chiyani. Madden ankasimba mpaka ukalamba wake kuti tsiku limenelo anazindikira kuchepa kwa zomwe ankadziwa.

Ndiye pali maola a pampando. Sabata ya wosewera wa NFL imathera kwambiri m'chipinda cha kanema kuposa pa udzu: kuonera adani, kubweza, kuoneranso, kufufuza ngati wotchinga wina amasuntha phazi mwa mtundu wina akafuna kuthamangira woponya. Manning ankadziwika ndi zimenezi. Atafola, ankayang'ana mmene adani aimira n'kusintha pulani pomwepo, masekondi akutha. Mu 2011 sanasewere chaka chonse chifukwa cha maopaleshoni a khosi, dzanja lake linafooka, ndipo anabwerera kwa mphunzitsi wake wakale wa ku koleji, David Cutcliffe, kukaphunziranso kuponya ngati woyamba kumene. Mphamvu zonse za dzanja sizinabwerere. Komabe mu 2013, ali ndi zaka 37, anaponya zigoli 55 ku Denver, zomwe sizinachitikepo. Maso ndi mutu zinalipira pomwe mkono unaperewera.

Zipatso za maola otere zimaoneka nthawi ikathina. Pa Super Bowl ya pa 22 Januwale 1989, ku Miami, 49ers inali kumbuyo 16 kwa 13 polimbana ndi Cincinnati Bengals, kutatsala mphindi zitatu ndi masekondi ochepa, mpira uli mayadi 92 kuchokera kogoletsa. Montana anaiyendetsa timu pang'onopang'ono. Rice, yemwe anali ndi kakolo wopweteka sabata imeneyo, anawakha katatu pa ulendowo. Pa mpata womaliza adani anatsata Rice, ndipo mpira unapita kwa mnzake John Taylor, yemwe anagoletsa chigoli chopambanira kutatsala masekondi 34. Rice anamaliza ndi mipira 11 ya mayadi 215. Panalibe chatsopano chomwe anapeka usiku umenewo. Zonse zinali pulani za pa pulakatisi, zochitidwa ndi anthu otopa omwe sanafunikenso kuziganizira.

Maola 10,000

Mu 1993 katswiri wa za maganizo Anders Ericsson ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa oimba vayolini pa sukulu ya nyimbo ku Berlin. Anapeza kuti opambana kwambiri anali ataunjika maola pafupifupi 10,000 a kudziphunzitsa pofika zaka 20. Malcolm Gladwell anaitchukitsa nambalayi m'buku lake la Outliers mu 2008, ndipo inafalikira ngati lamulo. Ericsson mwiniwake sanakondwe nazo. Mfundo yake sinali pa kuchuluka kwa maola koma mtundu wake: kulimbana ndi chinthu chomwe sunachithe, pali wina wokuuza pomwe walakwitsa, n'kubwereza utakonza. Berry wopempha mipira yoipa ndi Rice wofunafuna wamanzere ankachita zimenezo mfundoyi isanatchuke.

Kafukufuku wina wa mu 2014, wotsogozedwa ndi Brooke Macnamara, anasonkhanitsa zofufuza zambiri n'kupeza kuti m'masewera, kudziphunzitsa kotereku kumafotokoza pafupifupi 18 peresenti ya kusiyana kwa osewera. Gawo limeneli si laling'ono, koma si zonse. Mpira wa ku America umaonetsa zimenezi poyera. Christian Okoye anachoka ku Enugu, ku Nigeria, kupita ku koleji ya Azusa Pacific ku California ngati woponya chimbale. Mpirawu anauyamba mu 1984 ali ndi zaka 23, ndipo mu 1989, akusewerera Kansas City Chiefs, anaposa onse mu NFL pothamanga ndi mpira mayadi 1,480. Thupi lake lalikulu ndi liwiro lake palibe pulakatisi ikanampatsa munthu wina.

Koma nkhani ya Jordan Mailata imasonyeza kuti thupi lokha silifikitsa. Mailata, wa ku Australia, wamtali kuposa mamita awiri, ankasewera rugby ndipo anali asanasewerepo gemu ya mpira wa ku America pamene Philadelphia Eagles inamutenga mu 2018. Zaka ziwiri zoyamba sanalowe m'gemu ya ligi ngakhale imodzi. Anali m'manja mwa mphunzitsi Jeff Stoutland, kuphunzira poika phazi, poika manja, ndi kubwerera m'mbuyo osataya mphamvu. Anayamba kusewera mu 2020, ndipo mu Febuluwale 2025 anatenga Super Bowl ali mmodzi wa otchinjiriza woponya odalirika mu ligi yonse. Mphatso inamutsegulira khomo. Luso linabwera ndi zaka za kukonzedwa tsiku ndi tsiku.

Ndipo maola okakamizidwa ali ndi zotsatira zake. Todd Marinovich anakonzedwa ndi bambo ake kuyambira ali khanda kuti adzakhale woponya: zakudya zosankhidwa, akatswiri omuphunzitsa mbali iliyonse. Anafikadi mu NFL mu 1991 ndi Raiders, koma anangotha zaka ziwiri, mankhwala osokoneza bongo atamusokoneza. Maolawo anali nawo ochuluka kuposa mnzake aliyense. Amene anawasankha sanali iye.

Pomwe maola amapha

Pali mbali ina yomwe okonda nkhani za khama amailambalala, ndipo siyenera kulambalalidwa. Woimba vayolini akawonjeza maola amatopa mkono. Wosewera mpirawu akawonjeza maola a mtundu wolakwika amawononga ubongo, mwinanso kufa.

Kwa zaka zambiri aphunzitsi ankakhulupirira kuti kulimba mtima kumabwera ndi kuzunzika. Matimu ankachita pulakatisi kawiri pa tsiku m'chilimwe, atavala zipewa zolimba ndi zotchinga mapewa, akugundana mwamphamvu ngati pa gemu. Pa 1 Ogasiti 2001 Korey Stringer wa Minnesota Vikings, bambo wa zaka 27, anamwalira thupi lake litatentha mopitirira muyeso pa pulakatisi ya dzulo lake. Mu 2018 Jordan McNair, wophunzira wa zaka 19 pa yunivesite ya Maryland, anafa imfa yofananayo. Awa sanafere pa gemu. Anafera pokonzekera.

Za ubongo zinayamba kuululika mu 2002, pamene dokotala wopima mitembo wobadwira ku Nigeria, Bennet Omalu, anapima ubongo wa Mike Webster, yemwe anasewerera Pittsburgh Steelers zaka zambiri ndipo anamwalira ali ndi zaka 50 atasokonekera mutu. Omalu anapezamo nthenda yomwe imatchedwa CTE, ndipo anafalitsa zomwe anapeza mu 2005. Mu 2017 ofufuza a pa Boston University anapima ubongo wa anthu 111 omwe anasewerapo mu NFL, n'kupeza nthendayi mwa 110. Ubongowo unaperekedwa ndi mabanja omwe ankakayikira kale kuti m'bale wawo ankadwala, choncho nambalayi siikuimira osewera onse. Koma ofufuzawo aonetsanso kuti chiopsezo chimakwera zaka zosewera zikamachuluka, ndipo chimene chimawononga si kugunda kwakukulu kokha komwe kumakomola munthu, komanso tizigunda tating'onoting'ono tambirimbiri. Tambiri mwa ito tinkachitika pakati pa sabata, pa pulakatisi, popanda kamera.

Ngakhale Rice khama linamupweteka. Mu 1997, pa gemu yoyamba ya chaka, mitsempha ya bondo lake inaduka. Kuvulala kotere kumagoneka munthu chaka chathunthu, koma iye anadzikakamiza n'kubwerera patangotha miyezi itatu ndi theka. Pa gemu yobwererayo, polimbana ndi Denver, anawakha chigoli, n'kugwera bondo lomwelo, fupa la pamwamba pa bondo n'kusweka. Mtima womwe unamukweza phiri ndi womwewo unamubweza pabwalo thupi lisanapole. Anachira, ndipo mu 2002, ali ndi zaka 40, anawakhabe mipira 92 ya mayadi 1,211 ku Oakland Raiders. Koma chaka cha 1997 chinatayika.

Mu 2011 osewera a NFL, kudzera m'bungwe lawo, anakambirana ndi eni matimu n'kuthetsa zogundana kawiri pa tsiku, ndipo masiku ovala zotchinga zonse pa pulakatisi m'kati mwa ligi anatsitsidwa kufika pa 14 chaka chonse. Aphunzitsi ena amadandaula mpaka pano kuti achinyamata akufika pa gemu asanaphunzire bwino kutchinga ndi kugwetsa. Dandaulo limeneli lili ndi pake, chifukwa luso la kugwetsa munthu nalonso limafuna kubwereza. Koma yankho lake silingakhale kubwerera ku masiku a Stringer.

Yankho labwino lomwe laonekapo linachokera ku koleji ya Dartmouth. Cha m'ma 2010 mphunzitsi wake, Buddy Teevens, analamula kuti osewera ake asadzagwetsanenso okhaokha pa pulakatisi. Anzake ambiri anati wataya nzeru. Koma iye sanachepetse kuphunzira kugwetsa, anakuchulukitsa. Anyamata ankagwetsa zidole kambirimbiri, mphunzitsi akuyang'ana pomwe mutu uli, pomwe phewa lagunda, mmene manja akulungira miyendo, zomwe sizitheka kubwereza kochuluka chonchi pa munthu mnzako. Ophunzira za uinjiniya pa koleji yomweyo anapanga chidole choyenda ndi mota, chowongoleredwa ndi rimoti, chomwe chimathamanga ndi kukhota ngati wosewera. Chinayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo matimu ena a NFL, kuphatikizapo Pittsburgh Steelers, anadzachitenganso. Chaka chomwecho cha 2015 Dartmouth inagawana nawo chikho cha ligi yawo ya Ivy League, ndipo inachitanso chimodzimodzi mu 2019 ndi 2021. Mu 2016 aphunzitsi onse asanu ndi atatu a ligiyo anagwirizana kuthetsa kugwetsana pa pulakatisi m'kati mwa nyengo ya magemu.